Mtsikana si mlembi wa kagulu ka maloboti

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero ndilankhula mosapsatira. M'masukulu ochepa a sekondale amene ayambitsa kagulu ka maloboti, chizolowezi chake ndi chimodzi. Anyamata amagwira waya, batire ndi kompyuta, mtsikana n'kupatsidwa kope kuti azilemba mayina a amene abwera. Tsiku la chionetsero likafika amamuimika kutsogolo kuti alandire alendo, tijambula chithunzi, tiika pa Facebook ndi mawu akuti atsikana akutenga nawo mbali. Mbali yake iti?

Anzanga ena amati atsikana alibe chidwi. Ine ndikukana. Chidwi chingabwere bwanji pa chinthu chimene sanaloledwe kuchikhudza? Loboti ya kusukulu ilibe matsenga. Pali kachipangizo koona mzere wakuda pansi, kabolodi ka Arduino kolandira uthengawo, timainjini tiwiri tozunguza mateyala, ndi malangizo amene wophunzira amalemba yekha: mzere ukapita kumanzere khotera kumanzere, ukasowa ima. Ikakana kuyenda, umafufuza ngati walakwa ndi waya, batire kapena malangizo, n'kuyesanso. Basi. Mtsikana amene amasintha makwacha kukhala meticais pamutu, akugulitsa mbatata pa msika wa kumalire, angalephere zimenezi?

Tiganize za dera lathu la Tete. Damu la Cahora Bassa ku Songo lili ndi mphamvu yopanga magetsi okwana 2075 MW, ndipo kuyambira 2007 gawo lalikulu la umwini wake lili m'manja mwa dziko la Mozambique. Ku Moatize kuli migodi ya malasha. Damu lina la Mphanda Nkuwa likukonzedwa pa Zambezi womwewu. Sukulu zophunzitsa uinjiniya zilipo pafupi, Instituto Superior Politécnico de Tete ndi Instituto Superior Politécnico de Songo. Koma khomo lolowera kumeneko limatsekeka kale mwana ali ku sekondale, tsiku limene akusankha pakati pa Letras ndi Ciências. Mtsikana amene sanalumikizepo waya, amene wakhala akumva kuti Física ndi ya anyamata, adzathawa Ciências yekha, ife n'kumati wasankha mwaufulu. Tinamusankhira ndife.

Makolo, nkhawa yanu ndikuimva. Kagulu kakamakumana madzulo, mwana wamkazi n'kumabwerera kunyumba kuli mdima, mantha anu ndi omveka. Pamenepo wolakwa ndi amene anakonza nthawiyo. Kagulu kazikumana masana kapena Loweruka m'mawa, pakhale mphunzitsi wamkazi, chitseko chikhale chotsegula. Koma chifukwa chinacho, choti akatunga madzi ndani, akaphika ndani, chimenecho sindichilandira. Mlongo wake ali ndi manja awiri, ndipo chidebe sichifunsa kuti wachinyamula ndani.

Malamulo anasuntha kale. Mu 2018 boma linachotsa lamulo la 2003 limene linkasamutsira atsikana oyembekezera ku maphunziro a usiku. Mu 2019 linakhazikitsa lamulo loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Zabwino. Koma ngati tamusunga pa sukulu kuti azingoonerera anzake akuphunzira luso, tamupatsa chiyani choti ayankhe amalume akabwera ndi nkhani ya banja?

Mu 2017 atsikana a ku Herat, m'dziko la Afghanistan, anakanizidwa kawiri ziphaso zolowera ku America, komabe pamapeto pake anafika ku Washington ndi kupikisana nawo pa mpikisano wa maloboti wa FIRST Global. Athuwa sakufunika chiphaso chilichonse. Akungofunika kuti mphunzitsi anene kuti lero waya ugwira ndiwe.

Ndiye nazi zimene ndikupempha chaka chino. Theka la malo m'kagulu likhale la atsikana, ndipo musadikire kuti adzipereke okha, aitaneni ndi mayina awo. Ntchito zizisinthana mlungu uliwonse, wolemba mayina lero mawa alembe malangizo pa kompyuta. Ngati zipangizo mulibe, yambani ndi kainjini ka m'wailesi yakufa, mabatire a tochi ndi zitsekerero za mabotolo. Mukanditumizira chithunzi cha kagulu kanu, ine ndiyang'ana kuti wayayo ali m'manja mwa ndani.