AC IKALIRA MUSATHAMANGIRE GASI, YAMBANI MWAMVETSERA

Ndikudziwa kuti ena mukaona uthenga wautali chonchi mumangodumpha, koma uwu ndapota nanu, werengani mpaka pansi. Nkhani yake inatsala pang'ono kupasula banja la achimwene anga enieni.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine ndi mwana wa msodzi, ndinakulira pamchenga wa ku Senga Bay, koma chilimira chinandikana. Ndinapita ku Lilongwe kukaphunzira zokonza mafiriji ndi ma AC, ndipo pano ndikudyera zomwezo. Ndiye zomwe ndikambe apazi zikukhudza ntchito yanga yomwe, ndipo anzanga ena a ntchitoyi andida nazo. Palibe kanthu.

Achimwene anga aakulu ali ku Joni. Atamanga nyumba kuno anaikitsa AC kuchipinda chimodzi chifukwa cha mayi athu, omwe amadwala BP ndipo kutentha kwa Okutobala kumawasowetsa tulo. Chaka chatha AC ija inayamba kulira modabwitsa, n'kusiya kuziziritsa. Ine nthawi imeneyo ndinali kuntchito ina kutali, ndiye alamu anaitana mmisiri wina wapafupi. Munthuyo asanaiyatse n'komwe kuti amve kulira kwake, anangoti, "Gasi watha, mayi." Achimwene anatumiza ndalama, gasi anathira. Usiku umenewo inagwiradi ntchito. Patangopita masiku ochepa, phokoso lomwe lija. Mmisiri anabweranso, gasi kachiwiri. Alamu ataimba foni kachitatu, achimwene anapsa mtima: "Ndalama zanga mukudya inu, palibe za AC apa." Mawu anakula mpaka ankhoswe anayamba kutchulidwa, uku mayi akugona pakhonde ndi udzudzu.

Nditabwerera ndinapita kunyumbako. Sindinatulutse chida chilichonse. Ndinangoti, "Alamu, tandiyeserani mmene ikulirira." Anaseka kaye, kenako anati, "Alamu, imati mmmmm, kenako tcha! Ndiye ziii. Pakapita mphindi zingapo iyambanso mmmmm, tcha!" Pomwepo ndinadziwa kumene ndiyambire. Ndinazimitsa magetsi pa breaker, n'kutsegula chivindikiro cha chimakina chakunja, ndipo ndinapeza kapasita itafufuma pamwamba. Kapasita ndi kachitini kamene kamapatsa kompuresa mphamvu yodzukira. Ikafooka, kompuresa imalephera kunyamuka, imang'ung'udza, imatentha, ndipo kaswichi koiteteza kamadula magetsi. Tcha uja ndi kaswichi kameneko. Usiku kukazizira kapasita yofooka imatha kukakamira n'kudzutsa makina, n'chifukwa chake zinkaoneka ngati gasi wathandiza. Ndinasintha kapasita, mtengo wake wosafika n'komwe pa ndalama ya gasi kamodzi. Nditaika geji ndinapezanso kuti gasi wathiridwa wopyola muyezo, moti ndinachita kuchotsako.

Chimene chinandipweteka n'chakuti alamu anali nayo kale yankho m'makutu mwawo. Panalibe amene anawafunsa.

Khutu limeneli sindinalitenge ku Lilongwe ayi, ndinalitenga kwa bambo anga. Amene munakwerapo boti usiku kupita ku usipa mukudziwa. Pakati pa nyanja, mdima bii, nyali za siginala zili uko, simungatsegule injini kuti muone m'kati. Bambo ankayendetsa Yamaha Enduro yawo ndi khutu. Ikasintha mawu pang'ono pokha ankati, "Khalani chete," alovi onse ziii. Ankasiyanitsa pulagi yakuda, mafuta olowa madzi, ndi ukonde wokulunga ku pulopela, osayatsa tochi. Ndipo lamulo lawo linali lakuti injini ikasiya kukodza, zimitsa pompo, usanene kuti tifike kaye kumtunda. AC nayo ndi makina. Imayamba kudandaula isanafe, ndipo kudandaula kwake n'kosiyanasiyana.

Choyamba dziwani kuti AC zambiri za m'nyumba zili pawiri. Pali chigawo cha m'kati chopachika pakhoma, muli fani yayitali, mafyuluta ndi paipi yotayira madzi. Pali chigawo chakunja, muli kompuresa, fani yayikulu ndi zitsulo zopyapyala zotulutsira kutentha. Ndiye funso loyamba musanaitane aliyense: phokoso likuchokera m'kati kapena kunja? Lachiwiri: likumveka poyatsa pokha, nthawi zonse, kapena pozimitsa? Lachitatu: ikuziziritsabe?

Pali maphokoso ena osaopsa n'komwe. Mukangoyatsa n'kumva "tha, tha" pang'ono m'kati, ndi pulasitiki ikukhwinyata chifukwa cha kuzizira. Mukamva ngati madzi akuyenda m'mapaipi kwa kanthawi poyatsa kapena pozimitsa, ndi gasi akuzungulira. Kaphokoso kamodzi ka "tcha" kompuresa ikamayamba kapena kuima, ndi mmene imagwirira ntchito. Pamenepa musalipire munthu.

Kwetekwete kapena gwegwegwe wa kunja nthawi zambiri ndi zinthu zazing'ono: sikuluwu yomasuka, chivindikiro chogwedera, timalabala ta pansi pa makina tatha, kapena bulaketi yapakhoma yayamba kulekana ndi njerwa. Mwinanso tsamba la mango kapena kamtengo kalowa m'fani, makamaka ikatha nyengo ya mwera. Zimitsani pa breaker, suzumirani ndi tochi, mangani zomasuka. Mukagwira chivindikiro ndi dzanja phokoso n'kuchepa, mwapeza kale vuto.

Mmmmm wotsatana ndi tcha, mobwerezabwereza, ndi uja wa kwa achimwene. Pa AC zachikale zosakhala za inverter, kawirikawiri ndi kapasita, kapena magetsi abwera ofooka. Magetsi athu amayenera kukhala 230V, koma madzulo aliyense akayatsa zake, kapena mukamayendetsa pa jenereta yaing'ono, amatsika, ndipo kompuresa imalephera kunyamuka. Mukaona mababu akuthima pang'ono nthawi imene ikung'ung'udza, chenjerani. Apa zimitsani. Ulendo uliwonse imene ikuyesa n'kulephera, mawaya a m'kati mwa kompuresa akuphikika. Kapasitayo musaigwire nokha, imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa, ikhoza kukumenyani koopsa.

Tswiii wosalekeza, ngati wilibala yosowa girizi, ndi mabering'i a mota ya fani. Sizifa lero lomwe, koma mukazengereza mota imagwira, ndipo fani yakunja ikaima kompuresa imatentha.

Khwekhwekhwe wa m'kati, madzi akudontha pakhoma, mphepo ikutuluka yochepa, yang'anani mafyuluta. Akatsekeka ndi fumbi mpweya sudutsa, m'kati mumaundana ayezi, ndipo fani imakhula ayeziyo. Tsegulani chivindikiro, solorani mafyuluta, tsukani ndi madzi, yanikani pamthunzi. M'nyengo yotentha chitani zimenezi milungu iwiri iliyonse. N'zaulere, ngakhale mwana wa Fomu 1 akhoza.

Kuthetheka, "tsetsetse" wa magetsi, kapena fungo la waya wopsa, musayese n'komwe kumvetsera kawiri. Thamangirani ku breaker. Kuno kunyanja chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi nalimata. Amakonda kufunda kwa m'bokosi la magetsi, akaponda pa bolodi amapsa, bolodi nayo n'kupsa, makamaka pa AC za inverter. Chinyontho cha kunyanja nachonso chimadyetsa dzimbiri polumikizira mawaya.

Kugunda kwamphamvu m'kati mwa kompuresa momwe, ngati wina akumenya poto ndi sipanala, imeneyo ndi nkhani yaikulu. China chake chamasuka kapena chathyoka m'kati, ndipo kompuresa ndi yowotcherera, sitsegulidwa. Zimitsani, itanani mmisiri wodziwa.

Ndiye pali psiii wosatha pamapaipi, makina akuziziritsa mofooka. Apa pokha ndi pamene tingayambe kukamba za gasi. Ndipo apa ndi pamene pali mtima wa uthenga wanga wonse.

Gasi wa mu AC satha ngati petulo wa injini kapena palafini wa nyali. Sapsa, sagwiritsidwa ntchito n'kuchepa. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kutenga kutentha m'chipinda n'kukakutaya kunja, chaka ndi chaka. Akachepa ndiye kuti pali pobooka. Munthu wothira gasi osafufuza pobooka ali ngati wokapa madzi m'bwato long'ambika osamata phula. Mudzamuitananso basi, ndipo iye akudziwa. Pobooka pamaoneka: pamakhala mafuta ndi fumbi lomatirira, makamaka pa manati olumikizira mapaipi, kapaipi kakang'ono kakunja kamachita ayezi, ndipo mukapaka thovu la sopo pamatuluka timabaluni. Gasi wochepa amatenthetsa kompuresa chifukwa gasi wobwerera ndi amene amaiziziritsa. Gasi wochuluka nayenso amailemetsa. Ndiye kungothira mwachimbulimbuli si kusamala, ndi kupha makina.

Komanso gasi ali mitundu. Pambali pa chimakina chakunja pali pepala lolembedwa mtundu wake: R22, R410A kapena R32. Sasakanizidwa. R22 ndi wakale, ndipo akuthetsedwa pang'onopang'ono padziko lonse potsatira pangano la Montreal la 1987, chifukwa amaononga mpweya wa kumwamba wotiteteza ku dzuwa. R32 amatha kuyaka, moti munthu wowotcherera paipi mosasamala akhoza kukuyatsirani nyumba. Mmisiri akabwera ndi silinda yopanda dzina, mufunseni muli chiyani.

Ndivomere, inenso ndinachitapo. Ndili wophunzira, bwana wanga ankandiuza kuti kasitomala sakhutira ukangomanga sikuluwu, amafuna aone silinda. Tsiku lina tinathira gasi mu AC imene vuto lake linali fyuluta yakuda basi. Ndalama tinagawana, koma usiku ndinaganiza za bambo anga, kuti wina atawagulitsa kabureta yatsopano pomwe vuto ndi pulagi, ndingamve bwanji. Sindikuti amisiri onse ndi akuba. Ambiri ndi olimbikira, ena kungoti anaphunzira mwachidule ndipo gasi ndi mankhwala okhawo amene akuwadziwa. Koma kaya ndi umbuli kaya ndi dyera, wolipira ndi inu.

Ndikumva ena akuti, "Aise, za AC ndi za mabwana, ife tili ndi fani ya pamsika." Zoona. Koma filiza imene mayi anu amasungiramo chambo ndi kampango, kapena imene mlongo wanu amaumitsira mafilizesi, ili ndi kompuresa yomweyo. Mmmmm ndi tcha uja pa filiza nthawi zambiri ndi karilei koyambitsira kompuresa kapena magetsi ofooka, si gasi. Filiza yodzaza nsomba ikaima usiku umodzi wa Novembala, mpamba wonse wapita. Ndipo ambiri a inu mukugwira ntchito m'malodge a ku Senga Bay, Cape Maclear, Nkhata Bay, komwe chipinda chikasiya kuzizira woyamba kukalipiridwa ndi inu. Anzanga a ku Nkhotakota ndi Chintheche, nkhungu zikadutsa kayang'aneni kuseri kwa chimakina chakunja. Zimamatirira pa zitsulo zopyapyala zija ngati bulangeti, makina amalephera kupuma n'kuyamba kubuula. Zimitsani magetsi, tsukani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, osapinda zitsulozo.

Ena akuti, "Ife si amisiri, tidziwa bwanji?" Sindikuti mutsegule makina. Ndikuti mumvetsere, ndipo mufunse. Foni muli nayo: jambulani phokosolo, tumizani voice note kwa mmisiri asanabwere. Akafika, aiyatse kaye amve yekha. Akati gasi, muuzeni akuonetseni pobooka ndi zomwe geji ikunena. Akasintha chitsulo, chakalecho akusiyireni. Mmisiri weniweni mafunso amenewa samukwiyitsa, amakondwa kuti wapeza munthu womvetsa. Ndipo magetsi akathima n'kubwerera, musathamangire kuyatsa, dikirani mphindi zitatu kapena zisanu kuti mphamvu ya gasi m'mapaipi ikhazikike. Amene mungathe, gulani fridge guard ya filiza, ndi chotetezera chokulirapo cha AC.

Kwa achimwene ndinatumiza chithunzi cha kapasita yofufuma ija, ndi voice note ya makina akuyenda bwinobwino. Anakhala tsiku lonse osayankha. Mawa lake anaimbira alamu kupepesa, ndipo ndamva kuti chitenje chinabwera pa basi ya ku Joni. Kapasitayo alamu anakana kutaya, ili pawindo mpaka lero, akuti ndi mboni yawo. Mayi anabwerera kuchipinda, akugona bwino.

Okutobala akubwera. Tsukani mafyuluta sabata ino, ndipo tumizirani uthengawu aliyense amene ali ndi AC kapena filiza, makamaka azimayi amene amuna awo ali kunja. Amene makina anu akulira kale, ponyani voice note pagulu pano, tidzamvetsere limodzi madzulo ndikaweruka.

Ndi ine mwana wa msodzi uja.