Mankhwala alembedwe pa kompyuta, koma pepala isatayidwe

Zipatala za boma zayamba kale kusunga mbiri ya odwala mu SmartCare, ndipo ife tifuna madokota azilembanso mankhwala pa kompyuta. Zolemba zamanja zimavuta kuwerenga, ndipo dzina la mankhwala likawerengedwa molakwika, amene avutika ndi wodwala.

Koma lamulo litsogole. Coyamba, wolemba mankhwala akhale wolembetsedwa ku HPCZ, wogulitsa akhale ndi laisensi ya ZAMRA, ndipo kompyuta ionetse dzina la aliyense wa iwo.

Caciwiri ndi cinsinsi. Lamulo la Data Protection Act la 2021 liteteza nkhani za umoyo wa munthu. Kuno ku Kafue ambiri timagwira nchito m'mafakitale a citsulo ndi feteleza, ena pa kontrakiti yaifupi. Mnyamata akaopa kuti abwana adziwa kuti akumwa ma ARV, aleka kupita ku cipatala.

Cacitatu ndi malaiti. Mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, tinakhala maola ambiri mumdima tsiku lililonse. Wodwala shuga sangayembekezere ZESCO. Lamulo linene momveka kuti netiweki ikagwa, pepala yosainidwa ndi dokota igwirabe nchito.