Motoka yoyamba ya wolemala: n'cifukwa ciani amalipira kawiri?

Pa wailesi yathu ya m'komboni timalandira mafoni ambiri, koma ina imatsalira m'mutu. Mtsikana wina amene amayenda pa njinga ya olemala anatiuza kuti wapeza nchito m'tauni, koma gawo lalikulu la malipilo ake likuthera pa mataksi. M'mawa mabasi amangomupitirira cifukwa kondakitala safuna kucedwa ndi kupinda njinga, ndipo ena akaima amafuna kuti alipirirenso malo a njingayo. Anati akusunga ndalama kuti agule motoka. Mnyamata wina amene anatuma foni pambuyo pake anaseka, amvekere: "Asisi, nchito mwayamba dzulo, motoka ni ya cani?"

Ife tikuti mtsikanayu sakudzionetsera. Ambiri a ife tikalota Vitz yoyamba timaganiza za kucoka pamzere wa pa Kulima Tower ndi kuonekera kwa anzathu. Kwa iye motoka ndiyo miyendo yomufikitsa ku nchito.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mamotoka ambiri amene timagula ndi akale ocokera ku Japan. Mtengo wake uli m'madola, conco kwacha ikagwa, ndalama zimene wasunga zimacepa uli m'tulo. Motoka ikatsika m'combo ku Dar es Salaam, ulipire woiyendetsa mpaka pa Nakonde, ejenti wa pa boda, ndiponso msonkho wa ZRA umene umayendera zaka za motokayo ndi kukula kwa injini. Kenako pali kulembetsa nambala, fitinesi ndi msonkho wa pamsewu ku RTSA, osaiwala inshuwalansi. Mpaka apa tonse timalira mofanana.

Wolemala yekha amapitiriza kulipira. Ngati miyendo siigwira, afunika ya otomatiki, ngakhale itapezeka ina yochipa yosintha magiya. Afunikanso zitsulo zapadera kuti mafuta ndi mabuleki aziziyendetsa ndi dzanja. Zimenezi si zimene ungatole pa shopu iliyonse ya masipeya, ndipo zifuna makanika wodziwa kuzimanga. Kuwocherera zitsulo pansi pa mtengo kungachipe, koma pa mabuleki sitiyesa mwayi. Kamotoka kakang'ono kosamwa mafuta nako nthawi zina njinga siikwana kumbuyo, ndiye munthu amakakamizika kugula yokulirapo. Cowawa kwambiri ndi laisensi. Masukulu ambiri ophunzitsa kuyendetsa alibe motoka yosinthidwa, motero wolemala amayamba wagula motoka asanadziwe n'komwe kuyendetsa. Enafe timayamba ndi laisensi, motoka pambuyo.

Ena adzati olemala ambiri alibe ngakhale njinga kapena ndodo, nanga za motoka tikambiranji? Ndi zoona, ndipo mankhwala enieni ndi mabasi amene aliyense angakwere. Koma nchito ya mtsikanayu siidzadikira mabasi amenewo. Akacedwa kangapo abwana adzalemba wina, kenako ife tomwe tidzayamba kunena kuti olemala sakwanitsa nchito.

Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010, ndipo mu 2012 tinakhala ndi lamulo la Persons with Disabilities Act. Zimene tikupempha si zazikulu kuposa malonjezo amenewo. ZAPD ndi ZRA alembe momveka, m'Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi zilankhulo zina, zimene wolemala ayenera kulipira ndi zimene sayenera kulipira akamalowetsa motoka yosinthidwa, kuti maejenti asamamudyere masuku pamutu. M'mizinda ikuluikulu mukhale sukulu ngakhale imodzi yokhala ndi motoka yoyendetsera m'manja. Makoleji a za umakanika aziphunzitsa kumanga zitsulo zimenezi.

Nafenso acinyamata tili ndi mbali yathu. M'cilimba canu mukakhala mnzanu wolemala amene akusungira motoka, kambiranani zomupatsa mwezi woyamba. Ndipo inu amene motoka munagula kale, malo oimikapo olemala pa Manda Hill kapena pa East Park muwasiye, ngakhale mutati mukungolowa pang'ono.