Novembala Uno Ndikulemba Nthano Yaitali m'Chichewa

Lero tikambe za mpikisano wolemba nthano yaitali, buku lonse lathunthu, m'mwezi umodzi wokha.

Zinayamba mu 1999 kudera la San Francisco, ku America. Chris Baty ndi anzake, onse pamodzi anthu 21, anagwirizana kuti aliyense alembe mawu 50,000 m'mwezi umodzi. Chaka chimenecho anachita mu Julaye, koma kuyambira 2000 anasamutsira ku Novembala, ndipo dzina lake linamveka kuti NaNoWriMo. Mukagawa 50,000 ndi masiku 30, mupeza mawu pafupifupi 1,667 pa tsiku. Panalibe woweruza woti aone ngati nthanoyo ndi yabwino. Ukafika pa chiwerengerocho, wapambana, basi. Mabuku ena odziwika anayambira pamenepo, monga Water for Elephants la Sara Gruen ndi The Night Circus la Erin Morgenstern. Bungwe limene linkayendetsa zimenezi linalengeza mu 2025 kuti likutseka, koma anthu akupitirizabe paokha, m'magulu a anzawo.

Ndiye ine ndaganiza zoti chaka chino ndichite nawo, koma m'Chichewa.

Poyamba tiwerengetse bwino, chifukwa 50,000 ya Chingelezi si 50,000 ya Chichewa. Chiyankhulo chathu chimalumikiza zinthu zambiri m'mawu amodzi. Tengani "sindinamuonenso". Muli wochita, muli kukana, muli nthawi, muli munthu amene sanaonedweyo, mulinso "-nso". Mu Chingelezi pamafunika mawu asanu ndi limodzi kuti munene zomwezo. "Ndidzakuuzani" ndi mawu amodzi, kwa azungu ndi anayi. Choncho wolemba m'Chichewa akafika 1,667 pa tsiku ndiye kuti wanena zambiri kuposa mnzake wa Chingelezi. Kwa ife amene tinakulira kunja, amene Chichewa tinachiphunzira kukhitchini, amayi akutikalipira kuti titseke chitseko, mulingo umenewo ungatigwetse sabata yoyamba yomwe. Ine ndadziikira mawu 500 pa tsiku. Pofika pa 30 Novembala, amenewo ndi 15,000. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lamulo lalikulu la mpikisanowu ndi loti usabwerere kukakonza. Izi kwa ife n'zofunika kwambiri. Mukudziwa mmene zimakhalira eti: mwalemba "chipewa", kenako mwaima, mukudzifunsa kuti ndi "changa" kapena "yanga". Ndi "changa", koma mukamaima pa mawu aliwonse, tsamba silidzadzadza. Lembani momwe zabwerera, zokonza ndi za Disembala.

Mawu akandithawa, ndizisiya mpata ndi kuikapo chizindikiro, n'kupitiriza. Loweruka lililonse ndizitenga mndandanda wa mipatayo n'kuwatumizira amayi pa WhatsApp. Ndikudziwiratu kuti sadzayankha ndi mawu amodzi. Ndikawafunsa dzina la chida chopetera ufa, adzanena kuti ndi lichero, kenako adzandiuza za agogo, za mtondo ndi munsi, za yemwe ankasinja bwino pamudzi ponse. Zimenezonso zilowa m'buku.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Agogo anga akukalamba, ndipo nthano zawo sanazinenepo m'Chingelezi. Ndikazilemba m'Chingelezi, "amalume" ndi "abambo aang'ono" onse adzasanduka munthu wamtundu umodzi, pamene kwathu ndi maudindo osiyana: amalume ndiwo amakhala patsogolo pa nkhani za ukwati wa mwana wa mlongo wawo. Mwana akamayankhula ndi wamkulu amati "inu", wamkulu akamayankha amati "iwe". Nthano yanga ili pa mtsikana amene tsiku lina ananena "iwe" kwa bambo ake. Mu Chingelezi palibe chimene chachitika. M'Chichewa nyumba yonse imakhala chete.

Ndipo sitikuyamba chinthu chachilendo ayi. Samuel Ntara anatulutsa Nthondo mu 1933. John Gwengwe analemba Sikusinja ndi Gwenembe, Willie Zingani analemba Njala Bwana. Ngati kunyumba kuli limodzi mwa mabuku amenewa, muziwerenga tsamba limodzi musanayambe kulemba, kuti khutu lizolowere kayendedwe ka ziganizo.

Amene mukufuna kuyenda nane, sankhani mulingo wanu, kaya 100, kaya 500. Sankhaninso nthawi imodzi pa tsiku, ine ndi m'mawa ndisanapite kuntchito. Pezani munthu wamkulu mmodzi woti muzimufunsa mawu. Pa 1 Disembala ndidzawawerengera agogo mutu woyamba pafoni, ndipo zimene adzakonze ndidzakuuzani pompano.