Mphunzitsi wa Chemistry wa ku Likoma naye apatsidwe mwayi wozama

Pa tchuthi chapitachi nditafika kwathu ku Likoma, msuweni wanga wa Fomu 3 anandionetsa kope lake la Chemistry. Mutu wonse wa ma asidi ndi ma alkali anali atauloweza pamtima. Nditamufunsa chifukwa chake agogo amathira chidulo mu therere, anaseka n'kunena kuti zimenezo n'zakukhitchini, osati zakusukulu. Sankadziwa kuti chidulo, madzi osefedwa m'phulusa aja, ndi alkali yemweyo amene wakhala akumuloweza.

Sindimuimba mlandu mwanayu, ngakhalenso mphunzitsi wake. Pomwe phunziro la Physical Science linagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry, mitu ya Chemistry inachuluka, koma m'sukulu zambiri aphunzitsi anakhala omwe aja, osapatsidwa mpata wokwanira wobwerera m'kalasi. Maganizo anga ndi akuti boma ndi mipingo yomwe ili ndi sukulu zasekondale ayike aphunzitsi a m'madera ovuta kufikako ngati Likoma ndi Chizumulu patsogolo akamasankha anthu okachita maphunziro apamwamba a Chemistry, kufikira digiri yachiwiri.

Wina afunsa kuti, digiri yachiwiri n'njachiyani kwa munthu wophunzitsa Fomu 4? Yankho lili mu labotale. Pa sukulu ya m'tauni yomwe mabotolo ake ndi odzaza, mphunzitsi wodziwa pang'ono akhoza kutsata buku n'kupulumuka. Pa chilumba zinthu sizitero. Katundu amadalira sitima ya Ilala ndi maboti ochokera ku Nkhata Bay, ndipo mwera ukakula ulendo umachedwa. Botolo la asidi likatha pakati pa teremu, mphunzitsi ayenera kudziwa yekha chomwe chingalowe m'malo mwake. Malambe, omwe pa Likoma ali mbwee, ali ndi asidi. Madzi a maluwa ofiira a hibiscus amafiirirabe mukathiramo madzi a malambe, koma amasanduka obiriwira mukathiramo chidulo. Phunziro lonse la msuweni wanga likhoza kuchitika pansi pa mlambe ndi makapu atatu.

Pali zina zokhudza moyo weniweni. Kondowole amene timadya amachokera ku chinangwa, ndipo chinangwa chowawa chimatulutsa poizoni wotchedwa cyanide. Amayi athu amachiviika m'madzi masiku angapo n'kuchiyanika kuti poizoniyo achoke. Mwana akamvetsa zomwe zimachitika m'madzimo sadzafupikitsa masiku ovikawo chifukwa cha changu. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri, ndipo chitetezo chachikulu chinali kuthira klorini wa mlingo woyenera m'madzi akumwa. Kuyeza mlingo ndi Chemistry. Komanso mphunzitsi wogwiritsa ntchito zinthu zapakhomo ayenera kudziwa zosayenera kusakaniza: Jik akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa klorini womwe ungavulaze mapapo a kalasi yonse. Apa m'pomwe kuzama kumafunikira. Wodziwa pang'ono amaopa kuyesa, kapena amayesa mwangozi.

Malo ophunzirira alipo. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa Chemistry mpaka digiri yachiwiri. Mzuzu University, Domasi College of Education ndi Nalikule College of Education amasula aphunzitsi a sayansi. Palinso maphunziro a SMASSE, omwe anayamba mu 2004 mothandizidwa ndi dziko la Japan, momwe aphunzitsi a masamu ndi sayansi amakumana pa tchuthi kuti anolane. Ndi ntchito yabwino, koma ndi ya masiku ochepa ndipo imatsamira pa kaphunzitsidwe. Singalowe m'malo mwa zaka ziwiri za kafukufuku.

Vuto ndi njira. Maphunziro akakhala a kumapeto kwa sabata, mphunzitsi wa ku Blantyre amakwera minibasi Lachisanu madzulo n'kukhala atabwerako Lolemba. Wa ku Likoma ayenera kuwoloka nyanja, kenako n'kuyenda tsiku lathunthu pamsewu, ndipo ana amakhala opanda mphunzitsi sabata yonse. Kwa ife osunga Sabata, makalasi a Loweruka amatseka khomo kachiwiri. Mapeto ake mwayi umagwera omwe ali nawo kale.

Ena amati mukamuphunzitsa kwambiri mphunzitsi amathawa, amakapeza ntchito ku yunivesite kapena ku mabungwe. Izi n'zoona, ndipo sindizikana. Koma kumana munthu maphunziro kuti asachoke ndi kumanga ng'ombe pouma. Amene wamangidwa choncho amakhalapo ndi thupi lokha. Ndi bwino kugwirizana naye poyera: timulipirire, iye alonjeze kubwerera ku sukulu yake kwa zaka zingapo, ndipo akabwera akwezedwe malipiro akadali m'kalasi. Masiku ano kukwera pa ntchito kawirikawiri kumatanthauza kusiya choko n'kulowa mu ofesi.

Kaphunziridwe nakonso kangakonzedwe. Zowerenga zitha kuyenda pa intaneti, ndipo ntchito ya mu labotale n'kuichita ku Zomba pa tchuthi chachitali. Kafukufuku achitikire komweko: madzi a m'zitsime ndi a m'mphepete mwa nyanja, kayanikidwe ka usipa, mabatire a magetsi a dzuwa akatha ntchito. Ana omwe angathandize kutunga ndi kuyeza madziwo sadzafunsanso kuti Chemistry n'njachiyani.

Likoma si malo achilendo ku maphunziro. Amishoni a UMCA anakhazikika pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo sukulu zawo zinatulutsa aphunzitsi omwe anakagwira ntchito kutali. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's chikuchitirabe umboni mbiri imeneyo. Anzanga a Education, posachedwa makalata otitumiza ku ntchito afika. Amene mudzaone Likoma pa kalata yanu musadzathamangire kukaisinthitsa. Mudzapite, ndipo mukafika mudzapemphe mwayi wopitiriza maphunziro mosachita manyazi. Msuweni wanga alemba MSCE chaka chamawa, ndipo pambuyo pake pali azing'ono ake awiri.