Lamulo la foni limalembedwa ku Maputo, limaluma ku Entre Lagos

Mayi wogulitsa matemba a ku Chilwa pa msika wa Entre Lagos masiku ano samanganso ndalama pa chitenje. Amaziika mu foni. Wogula akakhala pa e-Mola ya Movitel, iye ali pa M-Pesa ya Vodacom, ndalama zimafika ndithu, chifukwa mu 2022 banki yaikulu ya dziko lino, Banco de Moçambique, inalumikiza M-Pesa, e-Mola ndi mKesh. Kale ankayenda ndi masimu awiri, n'kumatsegula foni ndi chikhadabo kuti asinthe. Apa boma linagwira ntchito yake, ndipo sindiona manyazi kuliyamika.

Koma dzanja lomwelo limatsinanso. Mu Meyi 2024 bungwe loyang'anira za mafoni la INCM linakhazikitsa mitengo yatsopano ya intaneti, mabandulo osatha aja n'kuzimiririka. Akuti ankateteza makampani kuti asaphane pa mpikisano. Ophunzira a ku Maputo anaguba mumsewu, boma n'kuimitsa mitengoyo. Zinatha bwino, inde, komabe funso langa ndi ili: ophunzirawo akanapanda kuguba, ndani akanamva dandaulo la mlimi wa mpunga ku Insaca, amene amafunsa mtengo wa ku Cuamba pa WhatsApp asanakweze matumba pa galimoto? Iye alibe msewu woti agubemo atolankhani n'kumuona.

Chisankho cha pa 9 Okutobala chaka chomwecho chitadutsa, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa, WhatsApp ndi Facebook n'kutsekedwa. Mkangano unali wa mavoti, koma wa matemba naye anakhala chete ndi foni m'manja, makasitomala osawapeza. Boma limene likutiuza kuti tisiye ndalama zamapepala silingakhalenso ndi ufulu wozimitsa netiweki nthawi imene lafuna, popanda khoti kulifunsa kanthu.

Ndiye pali malire ndi Malawi. Sitima ya ku Nacala imadutsa pano kulowa Nayuchi tsiku ndi tsiku, anthu amakwatirana mbali zonse ziwiri, maliro ndi amodzi. Tsidya ilo kuli Airtel Money ndi Mpamba, pansi pa MACRA ndi Reserve Bank of Malawi. Kuno kuli zathu. Wogula wa ku Machinga akabwera ndi makwacha mu foni, amayamba wakatapa kwa ajenti, kenako kwa anyamata osintha ndalama pamanja, ndipo aliyense amadulapo yake. Mabanki aakulu awiriwa akhale pansi akambirane za malire ano, ndipo pokambiranapo aitane amayi a pa msika, anene okha kuti pa beseni limodzi la matemba amataya mametikali angati.