Nyumba ya wa pa maliketi ndiye penshoni yake, boma lileke kuidya

Amai ndi atate a pa Soweto, City Market, Kamwala, Mtendere, Matero ndi Chawama, ndi inu a pa Kapata ku Chipata, lelo tikambilane za nyumba ndi misonkho. Ambili akamva za msonkho wa nyumba amaona monga ndi nkhani ya a ku mayadi. Koma yendani mzele umodzi chabe wa ogulitsa tomato, kapenta kapena salaula, mufunse. Mudzapeza wina ali ndi ma room awili a lenti kumbuyo kwa nyumba ku Kanyama, wina akali kumanga ku Ng'ombe, wina nyumba anamusiyila ndi malemu amuna ake ndipo mapepala akali m'dzina la womwalilayo. Nkhani iyi ndi yanu.

Mudziwa nokha mmene nyumbazo zinamangidwila. Ngongole ya ku banki ambili a inu simunaioneko. Ndi chilimba, ndi village banking, poketi imodzi ya simenti mwezi uno, mabuloko makumi asanu mwezi wa mawa, malata chaka chinacho. Wa pa maliketi alibe payslip, ndipo ambili alibe NAPSA. Mu 2023 pamene boma linalola anthu kutengako 20% ya ndalama zao za NAPSA, a m'maofesi anathamangila ku ma hardware, inu munali kungoonelela. Tsiku limene miyendo idzakana kuuka 04:00 kupita kukaoda, chidzakudyetsani ndi ma room aja. Ndiye chifukwa chake tikuti nyumba yanu ndiye penshoni yanu.

Manje m'malamulo a misonkho muli malo ena pamene mwini nyumba safunika kulipila, kapena alipila pang'ono. Malo amenewo aliko, koma ndi ochepa, ndipo palibe amene amabwela pa maliketi kudzakuuzani. Wotenga levy saphonya tsiku. Wofotokoza za ufulu wanu munamuonapo liti? Tiyeni tiwaone amodzi-amodzi, kuti muwagwilitse nchito lelo, ndiponso muone pamene akukupondani.

Tiyambe ndi lenti. Ngati mukhala nokha m'nyumba yanu, ZRA ilibe chimene ingakuduleni chifukwa chokhalamo. Msonkho uyamba mukaikamo munthu wolipila. Kufika mu 2021, lamulo linali lakuti wa lenti adule 10% apeleke ku ZRA. Kuyambila mu 2022 mwini nyumba ndiye alipila yekha, ndipo ngati lenti yonse siipitilila K800,000 pa chaka, msonkho ndi 4%. Mu 2023 anaonjezapo kuti K12,000 yoyamba pa chaka isadulidwe, ndiye kuti K1,000 pa mwezi. Izi sitikana kuti zinachitika, ndipo muzidziwe bwino. Ngati ka room kanu kamalowetsa K800 kapena K1,000 pa mwezi, msonkho wanu ndi zilo. Munthu asakuopsezeni. Mu 2025, wolandila K2,500 pa mwezi anali kuchotsa K1,000, n'kutsala K1,500, ndipo 4% yake inali K60 pa mwezi, K720 pa chaka.

Koma onani apa. Mu 2025, munthu wa pa nchito yolembedwa sanali kulipila PAYE olo ngwee imodzi mpaka malipilo ake atapitilila K5,100 pa mwezi. Boma lenileni linavomela kuti ndalama yochepela apo ndi ya unga, malasha ndi thilansipoti, siifunika kukhudzidwa. Nanga chifukwa chiyani agogo amene adalila lenti chabe malile ao anali K1,000? Wa payslip ya K5,100 anali kupita nayo kunyumba osadulidwa PAYE. Mai wamasiye wa lenti ya K5,100 yomweyo anafunika kupeleka K164 mwezi uliwonse, pa chaka K1,968. Unga onse awili agula pa mtengo umodzi. Kodi njala ya wa payslip ndiye imawawa kwambili?

Chinanso, msonkho wa lenti amauwelengela pa ndalama yonse imene yalowa, asanachotse kalikonse. Malata adontha, mwagula ena: sachotsa. Chimbuzi chadzala, mwaitana opopa: sachotsa. Madzi a mvula alowa m'nyumba monga achitila ku Kanyama chaka ndi chaka, pansi paonongeka, mwathila simenti ina: sachotsa. Wa lenti watuluka wasiya chitseko chothyoka ndi makoma akuda, mwapenta ndi ndalama ya kapito: sachotsa. Ma rates ndi ground rent naonso sachotsa. Inu amalonda mudziwa kusiyana kwa ndalama ya m'chikwama ndi phindu. Palibe wa tomato amene amawelenga ndalama yonse ya tsiku n'kunena kuti ndi yake, asanachotse ya oda, ya wilibala ndi ya zoola.

A chipani cholamula adzayankha kuti 4% ndi yaing'ono, ndipo wa payslip akangopitilila K5,100 amadulidwa 20% pa yapamwambayo. Zoona. Koma ise tikukamba za amene ali pansi pa K5,100, ndipo pamenepo mmodzi alipila, wina salipila. Ndiponso mai yemweyo walipila kale levy pa sitandi, walipila VAT ya 16% pa poketi iliyonse ya simenti, ndipo kuyambila mu January 2024 akudulidwanso levy akatumiza ndalama pa mobile money. Kudula pang'ono apa, pang'ono apo, mutu umatha kumetedwa wonse.

Tibwele pa kugulitsa nyumba. Zambia ilibe msonkho wapadela pa phindu limene mwapeza pogulitsa nyumba yanu, koma ili ndi Property Transfer Tax, ndipo wolipila ndi wogulitsa. Popanda pepala la ZRA loonetsa kuti mwalipila, dzina pa title silisintha. Kufika kumapeto kwa 2024 msonkhowu unali 5%. Mu bajeti ya 2025, imene Nduna ya Zachuma a Situmbeko Musokotwane anawelenga mu September 2024, anaukweza kufika pa 8%. Pa nyumba ya K300,000 kale munali kupeleka K15,000. Manje ndi K24,000. Kusiyana kwake ndi K9,000, kapito ya sitandi yonse kwa ena a inu. Ndipo dziwani kuti ZRA siimvela chabe mtengo umene mwagwilizana ndi wogula. Ikaona kuti nyumbayo pa msika ikanagulidwa modula, iwelengela pa mtengo wokwelawo.

Ndani amagulitsa nyumba mu komboni? Si munthu amene zamuyendela. Ndi uja ali ndi wodwala m'chipatala, uja mwana wapasa koma ya koleji palibe, uja katundu anapsa pa maliketi, uja wa kaloba wamuima pakhosi. Munthu wotele amagulitsa mothamanga ndi motchipa, ndipo pa tsoka lakelo boma litengapo 8%, chimodzimodzi ndi kampani imene ikugulitsa ma flat ku Kabulonga. Lamulo silifunsa ngati ndi nyumba yokhayo imene banja lili nayo.

Apa ndiye pali chifundo chachikulu chimene ambili sachidziwa. Mukapatsa nyumba munthu wa m'banja mwanu mwenimweni, msonkhowu auwelengela pa ndalama imene mwalandila zenizeni. Ngati mwapeleka ulele, palibe cholipila. Ndiye ngati mufuna kuika nyumba m'dzina la akazi anu, amuna anu kapena mwana wanu mukali moyo, musaope 8%. Mufunika TPIN, NRC, mapepala a nyumba ndi umboni wa chibale chanu, monga setifiketi ya ukwati kapena ya kubadwa kwa mwana. Pitani nokha ku ZRA. Musapatse ndalama munthu woima pa geti amene akuti adzakufulumizilani.

Koma lamulo likati banja, limatanthauza anthu awa chabe: mkazi kapena mwamuna wanu, mwana wobala, mwana wopeza, ndi mwana amene munamutenga kudzela ku khoti. Amai anu okubalani mulibemo. Mng'ono wanu mulibemo. Mwana wa mlongo wanu, amene kwathu kum'mawa amalume amamuona monga wao, mulibemo. Ndipo ana amasiye amene mwalela kuyambila ali khanda, mwawaphunzitsa ndi ndalama ya lepu ndi chibwabwa, ngati simunapite nao ku khoti, kwa ZRA ndi alendo. Mukafuna kuwapatsa nyumba ulele, mudzalipila 8% ya mtengo wake monga mwagulitsa kwa munthu wa mumseu. Ndi angati pa maliketi amene analembetsa ku khoti mwana wa mchemwali wao? Ife timangotenga mwana pa malilo n'kupita naye kunyumba. Lamulo ili linalembedwa ndi anthu amene sanayang'ane mmene mabanja athu alili.

Za imfa nazonso tikambeko, chifukwa ndi pamene nyumba zambili zimatayika. Zambia ilibe msonkho wa chuma chamasiye. Ndipo lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 linena kuti munthu akafa osasiya wilo, nyumba ikhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapo atakwatilanso kapena kukwatiwanso. Chuma china achigawa motele: 50% ana, 20% mkazi kapena mwamuna, 20% makolo, 10% ena amene anali kudalila malemu. Achibale akabwela ndi nkhani yakuti nyumba igulitsidwe chifukwa boma lifuna msonkho wa malilo, ndi bodza. Administrator nchito yake ndi kugawa, nyumba si yake.

Chotsala ndi ma rates a khonsolo. Amayendela lamulo la Rating Act la mu 2018. Khonsolo imalemba mtengo wa nyumba iliyonse m'buku limene amati valuation roll, ndipo bilu yanu ichokela pamenepo. Bukulo likatuluka muli ndi ufulu wokaliona ndi kutsutsa ngati akuikilani mtengo wa nyumba ya ku Woodlands pa ma room atatu. Lamulo lilolanso mwini nyumba kulemba kalata yopempha khonsolo kuti imuchotsele ma rates, onse kapena mbali yake. Sikuti aliyense wopempha amapatsidwa, koma wosapempha sapatsidwa konse. Ngati muli ndi kholo lokalamba limene bilu yaunjikana, lithandizeni kulemba, ndipo musunge kope yodindidwa. Inu a occupancy licence ya zaka 30, ground rent imene mupeleka ku khonsolo muzitengela lisiti nthawi zonse. Tsiku la mkangano, lisiti ndiye mboni yosasintha mau.

Ndipo polipila muli ndi ufulu wofunsa kuti ndalamayo ikupita kuti. Mu January 2024 kolela inafika poti Heroes Stadium inasanduka chipatala. Odwala ambili anachokela m'makomboni mmene ngalande ndi zotsekeka ndipo zinyalala zimagona miyezi. Anthu a mmenemo bilu imawapeza. Galimoto ya zinyalala ndiye imasochela.

Ife achinyamata a chipani chino tikupempha zinthu zinai, ndipo palibe chimene chingagwetse chuma cha dziko.

Choyamba, lenti yosadulidwa msonkho ikwezedwe ifanane ndi ya PAYE. Ngati K5,100 ndi ya chakudya kwa wa mu ofesi, ikhale ya chakudya kwa agogo a ku Chawama.

Chachiwili, banja likagulitsa nyumba yokhayo imene lili nayo, ndipo mtengo wake ndi wa mu komboni, lisalipile 8%. Amene agulitsa ma ploti ndi ma flat monga bizinesi alipile, ndi nchito yao.

Chachitatu, mau akuti banja m'lamulo la Property Transfer Tax akulitsidwe, mulowe makolo, abale a mimba imodzi, ndi ana amasiye amene munthu walela m'nyumba mwake.

Chachinai, ZRA ndi makhonsolo abwele pa maliketi ndi tebulo, afotokoze izi m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga, m'Silozi, ndipo okalamba ndi amasiye amene akhala m'nyumba zao awachotsele ma rates popanda kuwayendetsa ofesi ndi ofesi.

Mvetsani bwino, sitikuti muleke kulipila. Chilango cha kuchedwa chingakule kuposa msonkho weniweni, ndipo chidzagwela inu, osati ife olemba pa Facebook. Lipilani zimene lamulo linena, osaonjezapo olo ngwee. Tengani buku la K5 mulembemo lenti ya mwezi uliwonse. Sungani malisiti mu pulasitiki pamalo pamene madzi safika. Onani kuti mapepala a nyumba ali m'dzina la ndani, ndipo ngati akali m'dzina la malemu, yambani kukonza mwezi uno.

Chaka chilichonse Unduna wa Zachuma umaitana anthu kupeleka maganizo bajeti isanalembedwe. A migodi amatumiza ao, a mabanki amatumiza ao. Funsani komiti ya pa maliketi panu ngati inalembapo kalata olo imodzi. Ngati sinalembe, ikakamizeni, ndipo a ward athu ali okonzeka kuthandiza kulemba.

Kumbukilani nthawi ya masankho. Adzabwela ndi vitenge ndi ma T-shirt, a chipani cholamula, ena, ngakhale athu amene. Landilani, koma muwafunse funso limodzi pamaso pa anthu: pa 8% ija ndi msonkho wa lenti uja, mudzachitapo chiyani? Amene adzayamba kuyang'ana pa wochi, mwamudziwa.

Muwawelengele a neba a pa sitandi amene alibe ma bundle. 

Mlembi wa Achinyamata